Zala Ziwiri Pansi pa Chitsulo

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa anthu kunyamula zitsulo, ndipo ndaigwira zaka khumi ndi zinayi m'jimu imodzimodzi, pamwamba pa shopu ya matayala. Muli mabenchi atatu, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi fani imodzi yomwe ntchito yake ndi kuzunguza fungo la thukuta osalitulutsa. Ndine munthu wapakamwa, zimenezo sindibisa. Munthu akagona pabenchi n'kutambasula zigongono ngati nkhuku yoteteza anapiye, ndimamukalipira pomwepo, kaya ndi bwana wa kampani kaya ndi m'busa. Zigongono zibwere kufupi ndi nthiti, mapewa akokedwe kumbuyo n'kutsamira pabenchi, mapazi aponde pansi, chitsulo chitsike mofatsa osachigunditsa pachifuwa ngati mpira. Ena amakwiya n'kusiya kubwera, ine ndimati ayende bwino. Pa zaka zonsezi phewa limene lawonongeka chifukwa cha ine ndi limodzi lokha, la alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ndipo tsiku limene linang'ambika ine sindinalipo n'komwe.

Alamu anga amagwira ntchito ya zamagetsi. Ntchito yake ndi ya pamakwerero: kukoka mawaya m'denga, kuboola siling'i, kumangirira mababu ndi mafani, manja ali m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Nyumba yonse ija, achemwali ndi ana awo awiri, imadya kuchokera paphewa lamanja la munthu ameneyu. Zaka zitatu zapitazo anadwala chifuwa chachikulu. Mankhwala anamwa mpaka kumaliza, anachira, koma anatsala mafupa okhaokha, malaya akuwalendewera ngati ayanikidwa pachingwe. Choipa kwambiri sichinali thupi. Munthu amene kale ankandiseka kuti ndimalipidwa ponyamula katundu wosapita kulikonse anangoti zii. Akaweruka ankalowa m'chipinda n'kutseka chitseko, chakudya n'kumangochitosa ndi supuni.

Achemwali anakwera masitepe a jimu tsiku lina madzulo, koyamba m'moyo wawo, atatseka mphuno ndi mpango. Anandiuza kuti ndiwatenge alamu ndiwaike pazitsulo, mwina angayambe kudya, mwina angayambe kuyankhula. Ndinawayankha kuti jimu si chipatala. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikakana kutumidwa, ndipo Lolemba lotsatira alamu anali atafika, atavala kabudula wa mwana wawo wamkulu.

Ankabwera nthawi ya nkhomaliro, jimu ikakhala yopanda anthu, chifukwa ankachita manyazi ndi mikono yawo. Milungu iwiri yoyamba ndinawapatsa chitsulo chopanda kanthu, popanda ngakhale limodzi la mapuleti ozungulira aja timalowetsa mbali zonse ziwiri. Ndinawaphunzitsa kuzunguza mikono asanayambe, kukoka zingwe zolimbitsa msana, kugwira chitsulo chala chachikulu chitazungulira. Sindinaphunzitsepo munthu womvera chonchija. Anati iwo malamulo amawadziwa kufunika kwake, chifukwa pa ntchito yawo amene waiwala kuzimitsa swichi sapatsidwa mwayi wachiwiri. Ndikawauza chinthu kamodzi, mawa lake ankabwera nacho chili bwinobwino. Koma nkhope inali yomweija, ya munthu amene wabwera chifukwa mkazi wamutuma.

Tsono pali chinthu chimene amene sanalowepo m'jimu sachidziwa. Munthu akamakankha chitsulo ali chagada pabenchi, kumutu kwake kumaima mnzake. Ife timangoti kuima kumutu. Woima kumutu amaika manja pansi pa chitsulo osachikhudza, kuti chikamukanika mwiniwake chisamugwere pakhosi. Lamulo lake ndi losavuta: chitsulo chikuyenda, usakhudze, chaima kapena chayamba kubwerera, nyamula, ndipo umuuze munthuyo kuti wamuthandiza. Koma oima kumutu onse ndi abodza pang'ono. Pokankha komaliza amagwiriziza ndi chala n'kumanena kuti ndiwe wekha, sindikukhudza. Aliyense amazidziwa, ndipo palibe amene amavulala nazo, chifukwa zimathera pa kukankha kumodzi komweko.

Sabata yachitatu ndinawaikira makilogalamu 40. Anakankha kasanu, kachisanu ndi chimodzi chitsulo chinaima pakati. Ndinaona nkhope ija ikugonja, ikubwerera m'chipinda chotseka chija ine ndikuyang'ana. Ndinaika zala ziwiri pansi pa chitsulo, chinakwera. Anadzuka ali wefuwefu n'kufunsa ngati ndinakhudza.

"Ine? Manja anga anali m'thumba, alamu."

Anaseka. Kunali kuseka koyamba chitulukireni m'chipatala, ndipo madzulo ake achemwali anandiimbira foni kuti munthu wadya mbale ziwiri. Ndinakondwa kwabasi. Ndinadziona ngati dokotala.

Mphamvu zinabweradi, zenizeni. Anafika pa 50, pa 60, pa 70, malaya anayamba kuthina m'mapewa, ndipo nthabwala zawo zoola zija zinabwerera zonse. Anandipatsa dzina lakuti Bwana Zigongono, jimu yonse n'kulitola. Patatha miyezi isanu ndi inayi anakankha 80 okha, ine manja ali kumbuyo, moyera bwino. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wochira kumene, wa thupi laling'ono, kukankha 80 ndi nkhani yoimbira abale. Koma ine kuyamikira munthu kumandivuta ngati kumeza mwala. Anadzuka n'kundiyang'ana akudikira, ine n'kuwauza kuti phazi lamanzere linasuntha. Anatembenukira kukhoma kumene kuli bolodi lakuda lomwe timalembapo ndi choko mayina a amene akankha 100, ndipo anaima pamenepo nthawi yaitali akupukuta thukuta.

Ndinawauza kuti handiredi ndi ya chaka chamawa kapena chinacho. Iwo anati munthu amene anasuzumira kumanda n'kubwerera sawerengera chaka chamawa. Ndinaika 85. Zala ziwiri zinagwira ntchito. Pa 90 zinali zala zinayi. Pofika pa 95 ndinali nditaphunzira kaimidwe kake: kupinda mawondo pang'ono, kuima moti pagalasi manja asaoneke, kukoka ndi msana wanga uku ndikukuwa kuti akankhe. Mwayi wanga, kapena tsoka langa, unali wakuti alamu akamakankha amatsinzina.

Thupi silinamizika ngati mwini wake. Chitsulo chikalemera kupitirira mphamvu, thupi limafuna njira yachidule: zigongono zimathawira kunja, phewa limatulukira kutsogolo n'kusiya benchi, katundu yense n'kugwera pa timitsempha timene timagwira mutu wa fupa la mkono m'malo mwake. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa. Akanakhala munthu wina ndikanamutsitsa pabenchi, n'kumuchotsera mapuleti awiri, n'kumutuma kukakoka zingwe mpaka atadana nane. Kwa alamu ndinkangonena motsitsa mawu kuti zigongono, alamu, kenako n'kukoka kwambiri kuti chitsulo chidutse msanga pamalo oopsawo. Anayamba kusisita phewa akatsika. Anandiuza kuti akagonera mbali yamanja limawabaya, ndi kuti akamafikira waya kuseri kwa mtanda wa denga amamva ngati wina walowetsa singano. Ululu wobaya wotero ndi umene ndimauza aliyense kuti akaumva asiye zitsulo milungu iwiri n'kukaonana ndi dokotala. Iwo ndinawauza kuti apume masiku atatu. Anapuma limodzi.

Tsiku la handiredi linali Lachisanu, ndipo msana unandiwawa ine mpaka Lamlungu. Dzina ndinalemba ndekha pabolodi, WAMAGETSI, zilembo zazikuluzikulu. Anajambula ndi foni n'kutumiza kwa achemwali, kwa anzawo a kuntchito, ndi kwa namwino amene ankawapatsa mankhwala a chifuwa. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ankafuna handiredi, ndipo Lachisanu lililonse ine ndinkaima kumutu. Ndinkadziuza kuti mphamvu zawo zenizeni zidzalipeza bodza langa panjira, kuti pakapita miyezi itatu zala zidzakhala zosafunikanso. Sindinkadwala Lachisanu, sindinkapita kulikonse Lachisanu.

Chimene chinandichotsa ndi dzino lakumapeto, lomwe linatupitsa tsaya mpaka diso kutsekeka. Dokotala wa mano anati ndibwere Lachisanu masana kapena ndidikire milungu itatu. Ndinawaimbira alamu kuti asabwere, kapena akabwera angopalasa njinga ya m'jimu, pabenchi asayandikire. Anavomera mwaulemu kwambiri, ndipo ndikanayenera kukayikira pomwepo.

M'jimu anapeza mlonda wa kubanki, munthu wamkulu ngati chitseko, wosayankhulayankhula, amene ndinamuphunzitsa ndekha kuima kumutu ndipo amatsata lamulo ngati lemba. Zimene zinachitika anandifotokozera ndi iyeyo. Alamu anazunguza mikono kawiri kokha, anaika handiredi, n'kumuuza kuti asakhudze, chifukwa mlamu wawo sakhudza. Chitsulo chinatsika mofulumira, chinagunda pachifuwa, chinakwera chikhatho chimodzi, zigongono zinatambasuka, ndipo mlonda anamva ngati wina wang'amba nsalu yonyowa. Ananyamula pomwepo, sanachedwe. Ine pa nthawiyo ndinali nditayasama pampando wa dokotala, foni ikunjenjemera m'thumba.

Ndinafika kuchipatala thonje lili m'kamwa, mlomo uli wadzanzi. Alamu anali pabenchi ya pakhonde, atakumbatira mkono wamanja ngati khanda, nkhope itatuwa. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa. Atandiona anayesa kuimirira.

"Pepani, alamu. Ndakuchititsani manyazi pamaso pa anthu anu."

Thonje lija linandithandiza kubisa zoona. Mlonda anali ataima chapatali, chipewa chili m'manja, akudzifunsa chimene analakwitsa. Ndinamusisita pamsana n'kumusiya azidzifunsabe.

Atajambula phewa anapeza kuti mtsempha umodzi wang'ambika koma sunaduke. Mkono anaukoleka pakhosi ndi nsalu milungu isanu ndi umodzi, kenako anawatumiza kwa mayi wa fizo, wolimbitsa ziwalo zovulala, wamfupi, wa magalasi, wosadziwa kunyengerera. Ndinkawaperekeza ndine, popeza achemwali amasoka kufakitale ya zovala ndipo sangachoke masana. Mayiyo ananena mosapita m'mbali kuti mkono ungathe kudzakweranso mpaka m'mwamba ngati mwini wake ali wodekha: kuyendetsa zala pakhoma, kukoka lamba wa labala, kenako kachitsulo ka kilogalamu imodzi. Za benchi aiwale kaye chaka chathunthu, za zolemera aiwaliretu. Mtsempha umenewu ukadzang'ambikanso, anatero, ntchito ya m'denga idzakhala yatha. Atamva kuti ndine wophunzitsa zitsulo anandifunsa kuti munthu wa thupi lotere anafika bwanji pa handiredi m'miyezi yochepa chonchi. Ndinati ndi wakhama. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, n'kubwerera ku mapepala ake.

Khama analidi nalo. Zala ankayendetsa pakhoma katatu pa tsiku, n'kumalemba ndi pensulo pamene zafika, ndipo mzere unkakwera: pachifuwa, pachibwano, pamphumi. Mwezi wachinayi anabwerera kuntchito, bwana wawo atawapatsa za m'munsi zokha, masoketi ndi maswichi, n'kulonjeza kuti za m'denga zikuwadikira. Achemwali ankandithokoza nthawi iliyonse tikakumana. Ankati ndine mlongo weniweni, ena akanamuthawa munthu. Kuthokoza kumeneko kunkandiwotcha kuposa kutukwanidwa, ndipo ndinkangoti ndi zazing'ono.

Chimene sichinkachira chinali m'mutu. Alamu sankamvetsa. Chinthu chimene ankakankha Lachisanu lililonse kwa miyezi iwiri chinawakanika bwanji tsiku limodzi? Anaimba mlandu mlonda kuti anawapatsira chitsulo mopendeka. Anaimba mlandu benchi, nsapato, tiyi amene sanamwe m'mawa mwake. Pomaliza anagamula kuti anangofulumira osatenthetsa thupi, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera n'kukachikankhanso kamodzi kokha kuti mtima ukhale pansi. Ankanena zimenezi akukoka lamba wa labala uja, maso ali kutali. Ndinadziwa kuti phewa limeneli lidzapulumuka pokhapokha ndiulule. Ndinatha milungu itatu ndikumati mawa, ngati sindidziwa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mlungu wachinayi ndinawatsatira kuntchito.

Ndinawapeza m'nyumba ina yosamalizidwa yomwe ankaikamo masoketi, nthawi yopuma, atakhala pa chidebe cha penti akudya buledi ndi dzanja lamanzere. Ndinakhala pa thumba la simenti. Ndinayamba ndi za mitsempha, ndinazungulirazungulira, kenako ndinangochilavula.

"Alamu, handiredi ija simunaikankhepo nokha ngakhale tsiku limodzi. Ndinkakoka ndine."

Anasiya kutafuna. Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsamwa, n'kupukuta misozi ndi mkono wabwino uja.

"Akutumani achemwali anu eti? Kapena ndi mayi wa magalasi uja?"

Ndinalumbira pali amayi. Ndinawafotokozera za mawondo, za galasi, za kutsinzina kwawo. Ndinati tiyeni kujimu ndigoneke munthu pabenchi muone ndi maso mmene zimachitikira. Anapukusa mutu akumwetulirabe, ngati munthu amene wapeza mwana akuba shuga.

"Inu mumakalipira abusa chifukwa cha chigongono. Zaka zonsezi simunanyengererepo munthu, ine ndemwe simunandiyamikirepo, ndiye mukanandinamiza miyezi yonse ija? Bodza lanu ndi ili mukunena leroli. Ndi lachikondi, ndalimva, zikomo. Koma chitsulo chija ndinkachimva m'manja mwangamu."

Apa ndi pamene ukali wanga unamaliza zimene chifundo changa chinayamba. Ndinaimirira n'kuwauza kuti ndi ouma mutu, kuti m'jimu mwanga asadzapondemonso, ndipo nditabwerera ndinafufuta dzina lawo pabolodi ndi nsanza yonyowa. Ndinkaganiza kuti akamva zimenezi adzakhulupirira. Mlonda, posadziwa kanthu, anawauza za bolodi atakumana pamsewu, ndipo iwo anamasulira mwa iwo okha: mlamu wachita nsanje, chifukwa iye anafika pa handiredi ali ndi zaka makumi awiri, mnzake wafika ali ndi makumi anayi ndi zisanu, komanso atadwala.

Ndinapita kufakitale, ndinawadikira achemwali pageti poweruka, ndinawauza zonse tili pamalo okwerera basi. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangofunsa kuti zinayamba liti, ndinawauza. Basi itafika anakwera osatsazika. Kunyumba anayesa mbali yawo: anachonderera, analira, anabisa kabudula ndi nsapato za jimu. Alamu anati mwapangana, inu a bere limodzi. Kenako anasiya kutchula za handiredi, ndipo ine ndi achemwali, mbuzi ife, tinayesa kuti nkhani yatha.

Kuseri kwa depoti ya mabasi kuli jimu ina, shedi ya malata, kumene munthu amangolowa n'kuchita zimene akufuna. Kulibe wophunzitsa, kulibe wofunsa. Anapitako mwezi wathunthu ife osadziwa, akumati ali ndi ntchito yapadera Loweruka m'mawa. Pa nthawiyo mkono unali utafika pokhudza khutu, ndipo mayi wa fizo anali atanena kuti pakapita milungu isanu ndi umodzi angayesere makwerero. Milungu isanu ndi umodzi yokha. Anayamba ndi 40, anathamangira pa 60, pa 70 phewa linawachenjeza, iwo n'kulitseka pakamwa ndi mapiritsi opha ululu. Loweruka lachinayi anaika 90. Pambuyo pake alamu anauza achemwali kuti sanafune kulumphira pa handiredi, ankafuna kuchita mwanzeru. Amene anaima kumutu anali kondakitala wina, dzanja limodzi lili pafoni.

Ulendo uno mtsempha unadukiratu, n'kukokera ndi unzake womwe. Anawachita opaleshoni. Dokotala anati wasoka zimene zinali zosokeka, koma mnofu wake unali ngati nsalu yakale, ukasoka apa imang'ambika apo. Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Mkono umakwera kufika pachifuwa n'kuima pamenepo ukunjenjemera. Mayi wa fizo wasiya kunena za milungu. Bwana wawo anadikira mmene akanathera, kenako analemba munthu wina, chifukwa nyumba zonse zili ndi madenga. Za masoketi amawaitanira apo ndi apo. Achemwali atenga maola owonjezera kufakitale, ndipo kunyumba amasokanso za anthu, maso afiira ndi ulusi.

Miyezi yonseyi sindinapondeko kunyumba kwawo. Mantha, si china. Kujimu ndikadali wapakamwa, koma mawu amatuluka opanda mchere, ndipo ndikamati zigongono kufupi ndi nthiti ndimadzimva ngati wailesi yoiwalidwa m'chipinda. Amati chifundo chidapha nkhwali, koma pano nkhwali ili moyo, ikudya, ikunyamula zitsulo mapewa onse awiri ali bwinobwino, ndipo zimenezi ndi zimene zimandinyansa ndikadziona pagalasi lija. Mlonda ndinamuuza zoona pomaliza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anatenga chikwama chake, ndipo sanabwerenso.

Lamlungu lapitali masana achemwali ananditumizira uthenga wakuti ndibwere, babu la pabalaza lapsa. Ndinadziwa kuti sanasowe munthu wamtali pakati pa oyandikana nawo. Ndinapita. Anatsegula chitseko osandipatsa moni, anandipatsa babu latsopano lili m'kabokosi kake, n'kubwerera ku mashini awo kuchipinda. Ana kunalibe.

Alamu anali pampando, ataondanso ndithu, dzanja lamanja lili pantchafu ngati chinthu chimene wina waiwala. Makwerero awo anali atagonekedwa kuseri kwa sofa, atayanikapo thaulo. Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino. Ndinaimika makwerero ndinakwera masitepe atatu. Anandiuza kuti nditsike ndizimitse kaye swichi, ndinatsika. Anandiuza kuti chogwirira babu ndichigwire ndi dzanja lina chifukwa ndi chogwedera, kuti ndisakanikize kwambiri, ndingotembenuza pang'ono. Ndinachita zonse ngati mwana wa sukulu. Ntchito ya mphindi imodzi, imene munthuyu waichita kambirimbiri kuposa mmene ine ndanyamulira zitsulo, anaionerera ali pansi, khosi litapindikira kumbuyo.

Nditatsika ndinayatsa, babu linayaka, ngakhale kunali masana ndipo silinkaoneka kwenikweni. Ndinayamba kupinda makwerero. M'basi monse ndinali nditakonza mawu opepesa, koma anayamba ndi iwo.

"Ndiye zinali zoona."

"Zinali zoona, alamu."

Kuchipinda mashini a achemwali anali atasiya kulira.

"Pa handiredi ija, zanga zinali zingati?"

Ndisaname, lilime linali litayamba kale kupita ku nainte. Ndinaligwira.

"Eyite. Eyite munakankha nokha, moyera, manja anga ali kumbuyo. Ambiri a msinkhu wanu safikapo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana dzanja lija, anayesa kulikweza, linafika pachifuwa n'kuyamba kunjenjemera, analibweza pantchafu ndi linzake.

"Eyitetu ndi yambiri," anatero. "Mukanangondiuza choncho tsiku lija, ine ndikanakhutira nayo."

Ndinanyamula makwerero kuti ndiwabwezere kuseri kwa sofa, koma anandiletsa. Anati ndiwatenge, ndikapatse aliyense amene angawagwiritse ntchito, m'nyumba muno akungodya malo. Ndinayang'ana kuchitseko cha kuchipinda, mwina achemwali angatuluke kudzakana. Sanatuluke. Ndinawasenza paphewa n'kutsika nawo kumsewu.